Kamlomo Kakang'ono ndi Kamwezi pa Chikhadabo: Kumene Nkhope ya M'ma 1920 Inachokera

Mukayang'anitsitsa chithunzi cha mtsikana wa ku New York, London kapena Paris chojambulidwa cha m'ma 1926, muona kuti pakamwa pake pali bodza. Milomo yake yeniyeni ndi yotambalala monga ya munthu wina aliyense, koma m'mbali mwake mwakwiriridwa ndi paudala. Lipisitiki wapakidwa pakati pokha, ndipo mlomo wam'mwamba wajambulidwa nsonga ziwiri. Nsidze zazulidwa, m'malo mwake mwadutsa kamzere ka pensulo kopendekera pansi cha kumakutu. Maso azunguliridwa ndi wanja wakuda bii. Ngati manja akuoneka, chikhadabo chilichonse chapakidwa pakati pokha, kamwezi ka patsinde ndi nsonga zasiyidwa zoyera.

Ambiri amene amatsanzira maonekedwe amenewa masiku ano amaona ngati inali fashoni yongogwa kuchokera kumwamba. Sizinali choncho. Pafupifupi chilichonse pankhope imeneyi chinali ndi chifukwa chake, ndipo zifukwazo zinali kutali ndi galasi la kuchipinda. Zinali mu filimu ya m'kamera, m'nyale za m'nyumba zojambuliramo kanema, m'mafakitale a zitsulo ndi a zida zankhondo, komanso m'kachikwama ka mtsikana amene wayamba kulandira malipiro akeake.

Zaka 25 zokha m'mbuyo mwake, nkhope yotere ikanachititsa manyazi banja lonse. Pamene Mfumukazi Victoria ankamwalira mu 1901, mayi wa ulemu wake ku Britain kapena ku America sankayenera kuoneka kuti wapaka kanthu. Utoto wa kumaso unali wa azisudzo ndi akazi oyendayenda, ndipo anthu ambiri sankavutika n'kusiyanitsa magulu awiriwa. Komatu kusaoneka kuti wapaka si kusapaka. Amayi ankadzitsina masaya ndi kudziluma milomo asanalowe m'chipinda cha alendo kuti magazi abwere pamwamba. Ankayenda ndi timabuku ta mapepala a paudala, n'kung'amba limodzi mwakabisira kuti apukutire mphuno. Khungu lofunika linali loyera mbee, umboni wakuti mwini wake sagwira ntchito padzuwa, ndipo ena ankalifuna mpaka kumeza timapiritsi tokhala ndi poizoni wa arsenic. Timapiritsi totere tinalembedwa poyera m'buku la katundu la sitolo ya Sears la 1902.

Amalonda ochenjera analowera pakhomo la thanzi, osati la utoto. Helena Rubinstein, wochokera ku Kraków ku Poland, anayambira ku Melbourne ku Australia kugulitsa mafuta a khungu otchedwa Valaze, kenako anatsegula saluni ku London mu 1908 ndi ku New York mu 1915. Florence Nightingale Graham, wa ku Canada, anadzitcha Elizabeth Arden n'kutsegula yake pa msewu wa Fifth Avenue ku New York mu 1910. Mayi wolemera ankatha kupita kumalo amenewa mopanda manyazi, poti amakasamalitsa khungu. Zofiiritsa masaya zinabwera pambuyo, pang'onopang'ono, makasitomala atazolowera mpando. Ku London nako Harry Gordon Selfridge, amene anatsegula sitolo yake yaikulu pa Oxford Street mu 1909, anaika mafuta onunkhira ndi zodzoladzola pafupi ndi khomo lolowera, pamene wodutsa aliyense aziona.

Koma chimene chinaumba nkhope yeniyeniyo ndi kanema, ndipo apa m'pofunika kufatsa.

Filimu imene ankajambulira kanema m'zaka za m'ma 1910 ndi kuchiyambi kwa m'ma 1920 inali ndi chilema. Inkaona bwino kuwala kwa buluu ndi kobiriwira, koma kufiira sinkakuona. Chinthu chilichonse chofiira chinkatuluka chakuda pachithunzi. Munthu wa khungu lofiirira ankaoneka wothimbirira ndi wamathothomathotho, wa maso a buluu ankaoneka ngati alibe mwana wa diso, ndipo milomo yopakidwa chofiira inkatuluka yakuda. Choncho wosewera ankayenera kukwirira khungu lonse ndi utoto wowala, kenako n'kujambulanso nkhope pamwamba pake: maso azungulidwe ndi chakuda kuti asasowe, nsidze zilembedwe, milomo iikidwe malire. Onjezani kuti kanema wa nthawiyo analibe mawu. Chisoni, mantha, chikondi ndi chiwembu, zonse zinkayenera kuwerengedwa m'maso ndi m'nsidze ndi munthu wokhala kumbuyo kwenikweni kwa holo. Nsidze yopyapyala yogwera pansi imapatsa nkhope chisoni ngakhale mwini wake asanachite kanthu. N'chifukwa chake Clara Bow amaoneka ngati watsala pang'ono kulira pa zithunzi zambiri, ndipo Theda Bara, amene ankasewera ngati mkazi wowononga amuna, maso ake ankamira mu wanja.

Utoto wa azisudzo umene unalipo unali wolimba, wopangidwira siteji. Pasiteji unkagwira ntchito chifukwa oonera ali patali, koma kamera ikayandikira unkaoneka ming'alu wosewera akangomwetulira. Max Factor, Myuda wochokera ku Poland amene anafika ku America mu 1904 n'kukhazikika ku Los Angeles, anatulutsa mu 1914 utoto wofewa wa mitundu 12 umene unkapakika mopyapyala osang'ambika. Za kamlomo kakang'ono kaja, nkhani imene imakambidwa ndi yakuti mafuta a milomo ankasungunuka ndi kutentha kwa nyale n'kuyenderera m'mbali mwa kamwa, ndiye iye anakwirira m'mbalimo n'kudinda chala chachikulu kawiri pamlomo wam'mwamba ndi kamodzi pa wam'munsi, n'kusalaza ndi kaburashi. Makampani a zodzoladzola amakonda nkhani zodzitamandira zotere, koma vuto limene ikufotokozalo linali lenileni.

Tsono taganizani za mtsikana wogulitsa m'sitolo amene wapita kukaonera kanema Loweruka. Iye sakudziwa za chilema cha filimu. Akuona nkhope yaikulu kuposa chitseko, ya milomo yakuda ndi maso akuda, ndipo akufuna yomweyo. Zimene zinapangidwa pofuna kuthetsa vuto la kamera zinatuluka mumsewu masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo lipisitiki wofiira moderako, wonga magazi ouma, anayamba kuyenda malonda. Mu 1920 Max Factor anayamba kugulitsa zodzoladzola zake kwa anthu wamba. Manda a Tutankhamun atapezeka ku Egypt mu November 1922, zithunzi za maso aatali ozunguliridwa ndi chakuda zinadzaza m'manyuzipepala, ndipo wanja anapeza chifukwa china chokhalira.

Kufuna pakokha sikukanakwanira popanda choikamo. Kale chofiiritsa milomo chinkabwera m'kambiya kapena chokulungidwa m'pepala, ndipo kufiira kwake kunkachokera ku tizilombo totchedwa cochineal timene timakhala pa zomera zaminga za ku Mexico ndi Peru. Chinthu chotere sungayende nacho, chimadetsa zala ndi magolovesi. Cha m'ma 1915 kunabwera kachubu kachitsulo kokhala ndi kokankhira m'mbali, ndipo mu 1923 James Bruce Mason Jr. wa ku Nashville analembetsa kachubu kopotokola pansi, kofanana ndi kamene tili nako lero. Paudala nayenso analowa m'kabokosi kachitsulo kokhala ndi galasi mkati mwa chivundikiro. Ine ndimaona kuti tizitsulo tiwiriti tinasintha zambiri kuposa mtundu uliwonse wa utoto. Chimene chinali chinsinsi cha kuchipinda chinakhala chochitika patebulo m'lesitilanti: kutsegula kabokosi, kudziyang'ana, kukonza mlomo anthu akuona. Akuluakulu ambiri chinkawapweteka si utotowo ayi, koma kupanda manyaziko.

Ndipo atsikanawo anali ndi ndalama. Nkhondo yoyamba ya padziko lonse inalowetsa akazi ambiri m'mafakitale ndi m'maofesi, ndipo itatha, ntchito zotaipa, zolumikiza matelefoni ndi zogulitsa m'sitolo zinakhalabe m'manja mwawo. Ku Britain akazi opitirira zaka 30 anayamba kuvota mu 1918, ku America akazi anapeza ufuluwu mu 1920. Mtsikana wodzilipirira yekha chipinda sapempha chilolezo kuti agule lipisitiki. Amene analibe malipiro akeake ankakumanabe ndi khoma. Ku Knobel, m'chigawo cha Arkansas ku America, mwana wa sukulu Pearl Pugsley anabwezedwa kunyumba mu 1921 chifukwa chopaka paudala kumaso. Anakasuma, nkhani inafika kukhoti lalikulu la chigawocho, ndipo mu 1923 oweruza anagamula mokomera sukulu.

Masikara a Maybelline anayambira m'khitchini. Mu 1915 mnyamata wa ku Chicago, T. L. Williams, anaona mchemwali wake Mabel akusakaniza Vaseline ndi chakuda cha makala kuti adetse nsidze ndi tsitsi la m'zikope. Anayamba kugulitsa mankhwala ake kudzera pa positi, ndipo mu 1917 anatulutsa masikara otchedwa Maybelline. Sanali amadzi monga a lero. Kanali kachibulumwa kouma ka sopo wosakaniza ndi utoto wakuda, kokhala ndi kaburashi. Umanyowetsa kaburashiko, n'kukhutiza pa kachibulumwako, n'kupaka. Madzi akakhala patali, malovu ankagwira ntchito, ndipo ambiri ankachita zomwezo. Poti maziko ake anali sopo, misozi kapena mvula zinkatsitsa mizere yakuda m'masaya, maso n'kumawawa. Ovina pasiteji ankapitirira apo: ankasungunula phula lakuda n'kudontheza kadontho pansonga ya tsitsi lililonse la m'zikope.

Nkhani ya zikhadabo ndiyo imene imandisangalatsa kwambiri, chifukwa inadutsa m'malo amene munthu sangawaganizire.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, chikhadabo chokongola chinali chongowala. Ankachidula mozungulira, n'kupakapo kaufa kapena mafuta ofiirira pang'ono, kenako n'kuchipukuta kwa nthawi yaitali ndi kachikopa kofewa komata pa kathabwa. Pansi pa nsonga ankapakapo choyeretsa. Cholinga chinali chakuti chioneke ngati chikhadabo cha munthu wathanzi wosagwira ntchito yolemetsa: pakati pofiirira, kamwezi koyera patsinde, nsonga yoyera. Kumbukirani chithunzi chimenechi, chifukwa ndicho chinabereka fashoni yotsatira. Mu 1911 Northam Warren anayamba kugulitsa mankhwala ofewetsa kakhungu ka patsinde pa chikhadabo pansi pa dzina la Cutex, kuti anthu asamakadule ndi lumo, ndipo mu 1917 kampaniyo inatulutsa utoto wamadzi wopaka ndi kaburashi.

Maziko a utoto umenewu ndi nitrocellulose, thonje loviikidwa mu asidi. Chinthu chomwechi ndicho chinkapangira wonga wa mfuti, ndipo ndichonso chinkapangira filimu ya kanema, imene n'chifukwa chake inkayaka moto mosavuta. Chikasungunulidwa m'mankhwala ouluka msanga n'kupakidwa, mankhwalawo amauma n'kusiya kakhungu kolimba konyezimira. Nkhondo itatha, makampani amene ankapanga wonga anatsala ndi luso ndi mafakitale opanda ntchito. Cha m'ma 1923 kampani ya DuPont inatulutsa penti ya magalimoto yotchedwa Duco, imene inachepetsa ntchito yopenta galimoto kuchoka pa masabata angapo kufika pa nthawi yochepa kwambiri, ndiponso inalola mitundu yowala. Anthu amakonda kunena kuti kyuteksi anachokera ku penti ya galimoto. Pamenepo amafupikitsa nkhani, poti Cutex yamadzi inayamba Duco isanabwere. Choona n'chakuti ziwirizi ndi za banja limodzi, ndipo kupita patsogolo kwa penti ya magalimoto kunathandiza opanga kyuteksi kupeza wowuma msanga ndi wokhalitsa.

Nanga kamwezi kaja ankakasiyiranji? Kyuteksi woyamba anali woonekera mkati, wapinki wotuwa, ndipo ntchito yake inali kutsanzira kuwala kwa kachikopa kaja popanda kutopetsa mkono. Ndiye ankamupaka pamalo pomwe chikhadabo chimafiirira mwachibadwa, pakati, n'kusiya mbali zoyera zikhale zoyera. Kupaka chonse kukanaoneka ngati utoto, pomwe kupaka pakati pokha kunkaonekabe ngati thanzi. Panalinso chifukwa cha nzeru za tsiku ndi tsiku. Kyuteksi wa nthawiyo sankamata bwino, ndipo amayamba kusupuka kunsonga, kumene chala chimagunda makina otaipira ndi mbale. Ukasiya nsonga yosapaka, palibe chosupuka. Ukasiyanso tsinde, chikhadabo chikamakula mpata wake suonekera msanga. Wopaka m'saluni ankadutsitsa kaburashi mokhota patsinde, kenako n'kupukuta nsonga ndi chala chachikulu utoto usanaume. Mitundu itayamba kulimba chakumapeto kwa m'ma 1920 ndi kuchiyambi kwa m'ma 1930, chizolowezicho chinatsala, ndipo chikhadabo chofiira psuu chokhala ndi kamwezi koyera, chosongoka pang'ono kunsonga, ndicho chithunzi chimene anthu amakumbukira.

Mu 1932, chuma cha America chili pansi, Charles Revson ndi mchimwene wake Joseph anagwirizana ndi Charles Lachman n'kuyambitsa Revlon. Iwo anagwiritsa ntchito utoto wa ufa wosaonekera mkati m'malo mwa wosungunuka uja, ndipo kyuteksi wawo ankaphimbiratu chikhadabo. Anayamba ndi kugulitsa m'masaluni. Chikhadabo chikaphimbika chonchi, zonamizira chilengedwe zatha, ndipo m'zaka zotsatira nsonga yoyera inayamba kuchepa mpaka amayi ambiri ankangopaka chonse. Pofika 1940 Revlon inkagulitsa lipisitiki wofanana mtundu ndi kyuteksi.

Nkhope nayo inali itasintha, ndipo kanema ndiye anachititsanso. Chakumapeto kwa m'ma 1920 kunafala filimu yatsopano yoona mitundu yonse, kufiira komwe. Kanema wa mawu atayamba mu 1927, nyale zakale zimene zinkalira zinasokoneza maikolofoni, ndipo zinalowedwa m'malo ndi mababu osachita phokoso, a kuwala kofewa. Maso sanafunikenso kumira mu wanja. Milomo inatambasuka, mpaka Joan Crawford ankapaka kupitirira malire a milomo yake. Nsidze zokha ndizo zinapyapyala kwambiri n'kukwera m'mwamba, monga za Jean Harlow ndi Marlene Dietrich, ndipo amayi ambiri amene anazizula zaka zimenezo sizinamerenso.

Mpaka apa nkhaniyi yakhala ya azungu, ndipo malonda ambiri a nthawiyo analidi otero. Paudala wa m'masitolo akuluakulu ankapangidwira khungu loyera, ndipo pa mkazi wakuda ankatuwa mbuu. Anthony Overton, munthu wakuda amene anayambitsa kampani yake mu 1898 n'kuisamutsira ku Chicago mu 1911, anapanga paudala wotchedwa High-Brown wogwirizana ndi khungu lakuda. Annie Turnbo Malone ndi Madam C. J. Walker, akazi akuda a ku America, analemera ndi mankhwala a tsitsi, n'kuphunzitsa akazi akuda zikwizikwi kuyenda khomo ndi khomo kugulitsa ndi kukonza tsitsi. Koma m'manyuzipepala omwewo mmene ankatsatsa malonda awo munalinso mafuta oyeretsa khungu, ambiri okhala ndi poizoni wa mercury. Chodabwitsa n'chakuti pa nthawi yomweyo azungu olemera anayamba kudziwamba padzuwa m'magombe a ku France, kutsatira anthu ngati Coco Chanel, katswiri wa mafashoni a zovala, kuti khungu lidere. Tanthauzo linali litatembenuka: wosauka tsopano ankatuwira m'fakitale, wolemera ankapsa ndi dzuwa la kunyanja. Mkangano wa zodzoladzola ndi khungu loyera unafika kuno kumwera kwa Africa. Nyuzipepala ya Bantu World, imene inayamba ku Johannesburg mu 1932, inachititsa mpikisano wa chiphadzuwa kudzera pa zithunzi, ndipo m'masamba ake amuna ophunzira ankadzudzula atsikana a m'tauni chifukwa cha paudala woyera ndi milomo yofiira, uku masamba ena akutsatsa zodzoladzola zomwezo.

Zonsezi zinkachitika popanda woyang'anira. Lamulo la ku America la 1906 linkakhudza zakudya ndi mankhwala a matenda, koma zodzoladzola silinazitchule, ndiye munthu ankatha kuika chilichonse m'botolo. Mafuta ochotsa cheya otchedwa Koremlu anali ndi thallium, poizoni amene ankapheranso makoswe, ndipo anathothola tsitsi ndi kulumalitsa ena mwa owagwiritsa ntchito. Ku France, kuchiyambi kwa m'ma 1930, Tho-Radia inkagulitsa mafuta a kumaso modzitama kuti muli radium ndi thorium, zinthu zotulutsa cheza choopsa m'thupi. Izi zinkachitika patapita zaka zingapo chidziwikireni za atsikana a m'fakitale ya ku Orange, New Jersey, ku America, amene ankalemba manambala a mawotchi ndi penti ya radium, kusongola kaburashi ndi milomo, ena n'kumadzipaka pentiyo m'zikhadabo ndi m'mano mongosewera kuti aziwala mumdima. Ambiri a iwo nsagwada zinawola, ndipo ena anamwalira.

Chimene chinagwedeza anthu kwambiri chinali Lash Lure, utoto wodetsa nsidze ndi tsitsi la m'zikope umene unkapakidwa m'masaluni. Munali mankhwala otchedwa paraphenylenediamine, ochokera ku phula la malasha, amene matupi a anthu ena amadana nawo koopsa. Mu 1933 madokotala anayamba kulemba za amayi amene maso awo anatupa ndi kuchita zilonda atangochoka kusaluni. Ena anachita khungu, ndipo mmodzi anamwalira. Bungwe la boma loona za zakudya ndi mankhwala, FDA, linalibe mphamvu zochotsa utotowo pamsika, ndiye linangosonkhanitsa zithunzi ndi mabotolo n'kupanga chionetsero choti aphungu ndi atolankhani aone ndi maso awo. Lamulo latsopano lophatikiza zodzoladzola linasainidwa ndi pulezidenti Franklin D. Roosevelt mu June 1938, ndipo Lash Lure ndiye katundu woyamba kulandidwa pansi pa lamuloli.

Lamulolo silinafike patali monga ena ankafunira. Silinalamule kuti zodzoladzola ziziyesedwa ndi boma zisanalowe pamsika, kupatula utoto woikamo. Opanga mankhwala odetsa tsitsi la kumutu anapeza mwayi wapadera: analoledwa kupitiriza kugwiritsa ntchito mankhwala a phula la malasha, a banja lomwelo ndi a mu Lash Lure, bola pabokosi alembe chenjezo. Paraphenylenediamine akadali m'mankhwala ambiri odetsa tsitsi mpaka lero, ndipo pa mabokosi opangidwira msika wa ku America pamalembedwabe kuti muyambe mwayesa pakhungu pang'ono, komanso kuti musapake m'nsidze kapena m'zikope chifukwa mungachite khungu.